Musataye buku la kusikelo

Mwina mwaonapo alangizi a zaumoyo akulemba za mwana wanu mu tabuleti, kudzera mu pulogalamu ya iCHIS ya Unduna wa Zaumoyo. N'chitukuko ndithu, koma buku la kusikelo musalitaye.

Pulogalamu ikasinthidwa, si matabuleti onse amene amalandira yatsopanoyo tsiku lomwelo. Ena alibe bandulo, ena batire linatha magetsi atazima. Kwa kanthawi, yakale ndi yatsopano zimagwira ntchito pamodzi, ndipo zolembedwa ku Kawale zitha kuchedwa kuoneka ku Area 25. Mukasamuka, bukulo ndilo mboni ya katemera amene mwana analandira.

Inu a zaumoyo, lembani monse muwiri. Inu makolo, popita kusikelo buku lisatsale kunyumba.