Musawalande Foniyo, Ana a m'Chigwa Adzijambule Okha

Lamulungu lina, titatsiriza Misa pa tchalitchi china cha kumudzi kupitirira pa Ngabu, mkulu wina anatikokera pambali ndi dandaulo. Ana asanu a m'mudzimo, wamkulu wa Sitandade 7, amabwereka foni ya mlongo wao naikhazika pa mphanda ya mtengo wa masawu. Mmodzi amakhala muulutsi atagwira chitsononkho pakamwa, wina nyakwawa yoweruza milandu, wina mayi wogulitsa milamba pa msika wa Bangula. Akajambula seweroli amalitumiza pa WhatsApp ndi pa TikTok. "Bambo Mfumu," anatero mkuluyo, "mudzawadzudzule pa guwa. Ana amenewa akutichititsa manyazi."

Sitinawadzudzule ai, ndipo sitidzawadzudzula.

Tiyeni tifunsane, abale. Kodi dziko limamdziwa bwanji mwana wa ku Chikwawa ndi ku Nsanje? Limamdziwa ali mumtengo madzi atamzinga. Linamuona chomwecho pa chigumula cha mu Januwale 2015, linamuonanso mu 2019 nthawi ya Idai, mu 2022 pa Ana, ndi mu Malichi 2023 pa Freddy. Madzi akangosefukira, magalimoto amatsika chitunda cha ku Thabwa atadzaza anthu a makamera, ndipo chimene amafunafuna m'misasa ndi mwana wamamina wonyamula mbale yopanda kanthu. Sitikunyoza zithunzizo, pakuti zinatibweretsera ufa ndi mahema pamene tinalibe pogwira. Komatu madzi akaphwa makamera amakweranso phiri. Ndani amatsala kuti amjambule mwana yemweyo akuvina utse, akuweta ng'ombe m'mbali mwa Dambo la Ndindi, kapena akuseketsa anzake m'Chisena chokoma chimene ana a ku Blantyre sanachimvepo? Tsono lero, pamene mwanayo wagwira yekha chojambulira, ife eni ake ndife oyamba kumkwapula.

Inu makolo, kodi masanje munawaiwala? Simunamange timisasa ta mapesi mutatha kukolola, wina nakhala bambo, wina mayi, wina fisi wakuba ndiwo? Simunatsanzire kayendedwe ka aphunzitsi ndi kakhosomoledwe ka agogo? Akuluakulu anu ankakuonerani chapatali, nthawi zina nakupatsani ndi ufa womwe. Ana anuwa akusewera masanje omwewo. Kujambula sewero la mphindi zitatu kumafuna kugawana mbali, kuloweza mau, kubwereza kasanu osakwiyirana, ndiponso kumvera mnzako wamng'ono akakhala kuti nzeru yabwino ndi yake. Akuluakulu ambiri a m'makomiti athu zimenezi zimatikanika.

Sitikunena kuti palibe choopsa. Chilipo, koma tichiloze pamene chili. M'chaka cha 2022 a BBC anaulula za munthu wa ku China, Lu Ke, amene ankasonkhanitsa ana ku Njewa, kufupi ndi Lilongwe, nawayankhulitsa mau a Chitchaina odzinyoza okha, mau amene anawo sankawamva n'komwe, iye nagulitsa makanemawo pa intaneti. Anathawira ku Zambia, anamgwira ku Chipata nambweza, ndipo mu 2023 khoti linampeza wolakwa. Taonani bwino: amene anagwira kamera ku Njewa sanali mwana. Anali wamkulu wofuna ndalama. Ndipo tisathamangire kuloza mlendo yekha. Pakati pathu pomwe pano alipo amalume amene amamliza dala mwana, kapena kumtukwanitsa, kuti anthu a pa Facebook aseke. Alipo amene mwana akagwa m'ngozi amayamba kutulutsa foni asanatambasule dzanja. Ngati pali oyenera kudzudzulidwa pa guwa, ndi amenewa.

Ntchito ya kholo tsono ndi yolemera kuposa kulanda foni, chifukwa kulanda n'kwa mphindi imodzi. Eni ake a TikTok ndi Facebook amanena okha kuti mwana wosakwana zaka 13 asatsegule akaunti yake. Choncho akauntiyo ikhale ya mayi, ya bambo kapena ya mkulu wake wodalirika, ndipo kanema asatuluke m'nyumba wamkulu asanamuonere mpaka kumapeto. Mwana sadziwa kuti chimene chapita pa intaneti sichibwezeka, ndiponso kuti anthu oipa mtima amaonera nao. Inu ndinu omuuza kuti posamba kumtsinje sajambula, kuti yunifolomu ya sukulu imauza mlendo kumene angampeze, kuti wolumala ndi woledzera wa m'mudzi si zoseweretsa, kuti uthenga wa munthu wosamdziwa sayankha. Mwana amene mwamlanda foni lero adzabwereka ina mawa kuseri kwa msika, ndipo kumeneko simudzakhalako.

Mkulu uja tinampempha kuti ayambe waonera asanaweruze. Tinakhala naye pa khonde la tchalitchi, ana asanu aja ataima chapatali mwamantha. Anaonera kawiri osaseka. Kenaka anaitana mnyamata wosewera nyakwawa uja namuuza kuti mlandu sauyamba chotero: ayambe walonjera mbali zonse ziwiri, ndipo nduna iyankhule iye asanatsegule pakamwa. Anawalamula kuti ajambulenso Loweruka, iye ali pomwepo.