Cikho ca COSAFA ndi nazale, si nkhokwe

Chipolopolo inatenga cikho ca COSAFA mu 2019, 2022 ndi 2023. Kukondwera nazo si kulakwa. Koma m'makambitsirano athu a bola ku Kabwata ndi ku Chelstone tiyenera kufunsa kuti: tinagonjetsa ndani?

M'mafainala atatuwo ku Durban tinakumana ndi Botswana, Namibia ndi Lesotho, ndipo onse tinawaposa ndi cigoli cimodzi cabe. Maiko ena, monga South Africa, kawirikawiri amatumizako anyamata ongoyamba kumene, akatswiri ao ali pa chuti.

Muyeso weniweni ndi Cikho ca Africa. Kumeneko tinalephera kupita mu 2017, 2019 ndi 2021. Titafika ku Côte d'Ivoire mu 2024, tinabwerako osapambana masewera ngakhale amodzi: tinalepherana 1-1 ndi DR Congo ndi Tanzania, ndipo Morocco inatigonjetsa 1-0. Yerekezani ndi caka ca 2012, pamene anyamata a Hervé Renard anagwetsa Ghana, kenako Côte d'Ivoire ya Didier Drogba ku Libreville.

Inu alimi mudziwa kuti mbande zokongola pa nazale si zokolola. Mumayamba mwaziwokera kumunda, zikumane ndi dzuwa ndi ng'amba, ndiye muwerenge matumba.

Tipempha akulu-akulu a FAZ ku Football House: tumizani acinyamata ku COSAFA kuti akhwime. Koma poweruza nchito ya mphunzitsi wa timu, muyang'ane zimene wacita atakumana ndi Morocco, Senegal kapena Egypt.