Mayeso a pa Kompyuta Ayambe ndi Kukonzekera

Pamene matenda a Covid-19 anatseketsa sukulu zonse m'dziko muno mu Malichi 2020, maganizo oyesa ophunzira a m'sukulu za ukachenjede pa kompyuta anayamba kumveka kwambiri. Mu Novembala chaka chomwecho mayeso a MSCE anathetsedwa chifukwa mafunso anali atabedwa, ndipo ana analembanso mu Januwale 2021. Nchifukwa chake ena akuti nthawi ya pepala yatha, poti funso losungidwa m'makina silingang'ambidwe panjira ngati envulopu.

Mfundo imeneyi njomveka, koma dziko la Nigeria, limene linatsogola pa njirayi, laonetsa pamene pali dzenje. Kumeneko bungwe la JAMB, loyesa ofuna kulowa ku yunivesite, linasiyiratu mapepala mu 2015. Patapita zaka khumi, mu 2025, makina anasokoneza mayankho m'malo olembera 157 a ku Lagos ndi kum'mwera chakum'mawa kwa dzikolo, ndipo ophunzira 379,997 anakhudzidwa. Makolo atadandaula kolimba, mkulu wa bungwelo, Pulofesa Ishaq Oloyede, anapepesa akugwetsa misozi pamaso pa atolankhani, ndipo anawo anaitanidwa kukalembanso patangopita masiku owerengeka. Mphunzitsi akalakwitsa pochonga amalakwira kalasi imodzi, pamene makina amalakwira chigawo chathunthu tsiku limodzi.

Kuno ku Malawi nkhani yoyamba ndi ya magetsi. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuzimazima kunasautsa anthu mpaka mu 2023. Mayeso a maola atatu sangaime pakati kudikira kuti magetsi ayake.

Palinso mwana wochokera ku sekondale yoyendera ya kumudzi, amene amakhudza kompyuta koyamba atafika ku Zomba kapena ku Thyolo. Mwanayu akhoza kulidziwa phunziro kuposa mnzake wa m'tauni, koma nthawi nkumuthera akufunafuna zilembo ndi chala chimodzi. Boma silinamutumize ku yunivesite kuti akapikisane pa kutayipa.

Tsono udindo uli pa akuluakulu a Unduna, a bungwe la NCHE ndi a sukulu za UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, Mzuni ndi MUST. Ayambe ndi timayeso ta pakati pa chaka, timene kulakwika kwake sikungagwetse munthu, ndipo wophunzira aliyense wa chaka choyamba azolowere makinawo asanayesedwe nawo. Chipinda cholembera chikhale ndi sola kapena jenereta, mayankho azisungika pamene wophunzira akulemba. Koposa zonse, wokayikira malikisi ake apatsidwe mwayi woti mphunzitsi aone mayankhowo ndi maso, ndipo lamulo limeneli lilembedwe ndalama zogulira makina zisanatuluke.