Giza ya gasi ku Chembe: aziika ndani?

Mwera ukayamba kuwomba mu June ndi July, mlendo wogona m'maloji a ku Chembe safuna kumva za madzi ozizira. Kwa zaka zambiri yankho linali mgolo woikidwa pa njerwa kuseri kwa bafa, mnyamata n'kumasonkhezera nkhuni m'bandakucha. Koma Chembe ndi mudzi wozingidwa ndi Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984. Nkhuni zololedwa kutola m'mapiri a pakiyo ndi zouma zokha, ndipo zomwezo akuzifuna amayi ophika, akuzifunanso owamba nsomba. Magetsi nawo amathimathima. N'chifukwa chake silinda ya gasi yayamba kulowa m'makhitchini, ndipo ena akufuna giza ya gasi yotenthetsa madzi osamba. Funso lafika: kodi munthu amene wagula giza yake ndi ndalama zake aziloledwa kuiika yekha, kapena kuitana mmisiri wa m'mudzi wopanda chiphaso?

Amene amati aziloledwa si anthu osasamala. Ali ndi mfundo zomveka, ndipo yoyamba ndi mtunda. Kuchoka ku Chembe kukafika ku Monkey Bay ndi makilomita pafupifupi 18, ku boma la Mangochi n'kutali kuposa apo kangapo, ndipo makampani akuluakulu a gasi ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Kuitana katswiri wa m'tauni ndiye kuti mumlipirira ulendo, chakudya, pogona, kenako ntchito yake. Mwini tizipinda tinayi ta alendo akawerengetsera zonsezo amaona kuti bola mgolo ndi nkhuni. Apa ndiye pali polemera: boma lomwelo limene linakhwimitsa zilango za makala posintha lamulo la nkhalango mu 2020, limene linachotsa msonkho wa VAT pa gasi wophikira ndi masilinda kuti anthu asiye kudula mitengo, lingakhale likudzitsutsa litati liike mpanda wa ziphaso umene munthu wa kunyanja sangaulumphe. Gasi akavuta kupeza, amene amalipira ndi mitengo ya m'mapiri ozungulira Chembe.

Mfundo yachiwiri ndi ya luso. M'boma la Mangochi muli amuna ambiri amene anagwira ntchito ku Joni, ena zaka zambiri akunyamula zida za mapulambala, akuona mapaipi a kopa akulumikizidwa tsiku ndi tsiku. Kugombe kulinso amisiri amene amamasula injini ya boti n'kuibwezeretsa popanda buku. Kuwauza anthu oterewa kuti sadziwa kanthu chifukwa alibe pepala ndi chipongwe, ndipo tonse tikudziwa kuti pepala nalo silimanga nati. Alipo a ziphaso amene ntchito yawo ndi yosaoneka bwino.

Ndimaimva mfundo imeneyi ndipo ndimailemekeza. Koma gasi ali ndi khalidwe limene silifanana ndi madzi kapena injini. Paipi ya madzi ikadontha mumaona chinyezi pakhoma. Gasi wa m'silinda ndi wolemera kuposa mpweya wamba, choncho akatuluka sakwera kudenga. Amatsika, n'kudikha pansi, m'ngalande ya bafa, kunsi kwa kabati, kudikira machesi. Taonani mmene ntchito yachidule imachitikira: hosi ya madzi yogula pamsika m'malo mwa hosi ya gasi, pamapeto pake atakulunga mphira ya chubu cha njinga m'malo mwa chomangira chachitsulo. Tsiku loyamba sipatuluka kanthu. Pakapita miyezi ya dzuwa la October, mphira ija imauma, imang'aluka timing'alu tosaoneka ndi maso. Mmisiri wophunzitsidwa amapaka thovu la sopo polumikizira paliponse n'kudikira kuti aone ngati patupa tinthubwi; wosaphunzitsidwa amangonunkhiza, mwinanso kuyandikiza lawi. Ndipo kumbukirani kuti madenga ambiri a ku Chembe ndi a udzu, nyumba n'zothithikana, mphepo ya kunyanja sichedwa kunyamula moto, ndipo galimoto yozimitsa moto ili kutali.

Choopsa kwambiri sikuphulika ayi. Giza ikamayaka m'bafa lotseka, lopanda chumuni ndi mazenera, lawi limasowa mpweya, limasiya kukhala lobiriwira ngati thambo n'kusanduka lachikasu, mwaye n'kuyamba kuda pamwamba pake. Pamenepo likutulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo ndi mtundu, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka. Munthu amangomva mutu, chizungulire, tulo. Mu October 2006 ana awiri a ku Britain anafa m'chipinda cha hotela pa chilumba cha Corfu ku Greece chifukwa cha boila ya gasi yosakonzedwa bwino imene inali pafupi ndi chipinda chawo. Anawo sanasankhe mmisiri, sanaone n'komwe paipi. Mlendo wa ku Chembe nayenso saiona. Mayi wochapa m'zipinda saiona. Apa ndi pamene mawu akuti "nyumba ndi yanga" amathera mphamvu.

Mayiko amene anatsogola pa gasi anaphunzira ndi maliro. Pa 16 May 1968, ku London, gasi anaphulika m'nyumba yosanja yotchedwa Ronan Point, ngodya yonse ya nyumbayo n'kugumuka, anthu anayi n'kufa pomwepo. Ofufuza anapeza kuti gasiyo anatulukira pa nati yosalimba yolumikizira chitofu, yomwe anaimanga ndi mnzake chabe wa mwini chipinda. Mu 1970 kunabadwa kaundula wa amisiri a gasi wotchedwa CORGI, ndipo kuyambira 2009 ntchitoyo ili m'manja mwa Gas Safe Register. Malamulo a ku Britain a 1998 amati aliyense wokhudza zida za gasi akhale wodziwa ntchitoyo, ndipo woigwira ngati bizinesi akhale wolembetsedwa. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri anaphunzirira, malamulo a 2009 amafuna kuti mapaipi a gasi aikidwe ndi mmisiri wolembetsedwa ndi SAQCC Gas, amene amapereka satifiketi yoti ntchito ili bwino. Ndiye kuti bambo uja wobwera ku Joni ndi luso lake anali kugwira ntchito pansi pa munthu amene ankasainira. Luso analitenga, koma woyang'anira anamsiya komweko.

Kuno kwathu zimenezi si zachilendo. Malamulo a mphamvu a 2004 anakhazikitsa MERA, ndipo ndi MERA imene imapereka ziphaso kwa oitanitsa, osunga ndi ogulitsa gasi. Pa magetsi tinazolowera kale: wayaleni nyumba mmene mungafunire, koma ESCOM siilumikiza popanda mmisiri wovomerezeka ndi MERA kutsimikizira ntchitoyo. Anthu amadandaula za mtengo wake, koma ndi ochepa amene amanena kuti lamulolo lichoke.

Komabe kutengera za ku London zonse mmene zilili kungakhale kulakwa. Kumeneko gasi amabwera m'mapaipi a pansi pa msewu ndipo mmisiri wolembetsedwa ali pakona iliyonse. Kuno gasi amabwera pa njinga yamoto. Lamulo limene palibe angalitsate limangophunzitsa anthu kubisa, ndipo giza yobisika ndi yoopsa kuposa yoonekera, chifukwa mwini wake sangafunse aliyense lawi likasintha mtundu.

Ine ndikuona kuti ntchitozi ndi ziwiri, ndipo tisaziphatikize. Kumangirira chitofu pa silinda, kusintha hosi ndi regulator, kuyesa ndi sopo, izi mayi aliyense ndi bambo aliyense aziphunzitsidwe pamalo pomwe akugula gasi, ndipo pasakhale womufunsa chiphaso. Koma kuyendetsa mapaipi m'makoma, kuika giza, kuboola potulukira utsi, makamaka pamalo pogona alendo olipira kapena pogwira ntchito anthu olembedwa, pafunika munthu amene anayesedwa ndipo dzina lake likudziwika, woti n'kumufunsa zinthu zikalakwika. Mwini loji amene amalipiritsa mlendo usiku umodzi ndalama zoposa zimene msodzi amapeza pa sabata sanganene kuti katswiri ndi wodula.

Chotsalira ndi kufupikitsa mtunda uja. TEVETA ili kale ndi njira yoyesa ndi kuvomereza anthu amene anaphunzira ntchito ndi manja osalowa m'kalasi. Njira imeneyo ifike ku Monkey Bay, ndi maphunziro a gasi a masabata ochepa, kuti mapulambala a ku Chembe, Msaka ndi Nkope atenge ziphaso zawo kwawo konkuno. A MERA, a TEVETA ndi a khonsolo ya Mangochi, bwerani mudzayese amisiri athu. Ndipo inu amene muli ndi giza ya gasi m'bafa lotseka lero, musadikire aliyense: itsekeni, kenako mmisiri woyesedwa adzaitulutsire panja pakhoma.