Google isakudyeleni ndalama mahala

Ba boss, ngati mulipila Google Ads kuti shopu yanu yokonza mafoni ku Kamwala izioneka, mvelani. Munthu akadina chabe pa advert yanu, mwalipila, olo asabwele.

Vuto ni broad match. Imwe mwalemba "phone repair", Google yaonetsa advert na kuli uja mufana ofuna kuphunzila kukonza eka. Wadina, wayenda, kwacha yanu nayo yayenda.

Manje segulani search terms report, muone vamene bantu banalemba zoona. Muzadabwa! Mau monga "free", "jobs" na "course" yaikeni ku negative keywords. Yamene yabweletsa bantu pa shopu yasinthileni ku exact match. Ma click yazachepa, inde, koma wodina azankhala uja screen yamuswekela mu minibasi kuseni.