Mlandu wa Justyna ku Warsaw

Mu 2020, Justyna Wydrzyńska wa ku Poland anatenga mapiritsi ochotsera mimba omwe ankasunga m'nyumba mwake n'kuwatumiza kwa mayi wina amene sankadziwana naye n'komwe. Mayiyo anali pa banja la nkhanza, ndipo mwamuna wake anamuletsa kupita ku Germany kukalandira thandizo. Phukusi litafika, bamboyo anaitana apolisi, omwe analanda mapiritsi aja. Pa 14 Malichi 2023 khoti la ku Warsaw linalamula Justyna kugwira ntchito yopanda malipiro kwa miyezi 8, maola 30 pamwezi. Lamulo la kumeneko limandiwawa mtima: mayi womwa mapiritsi salangidwa, koma womuthandiza akhoza kukhala m'ndende mpaka zaka 3. Choncho amene akusakidwa ndi anthu ongodzipereka ngati a gulu lake la Abortion Dream Team, omwe amayankha foni, kufotokoza kamwedwe ka mifepristone ndi misoprostol, komanso kuuza mayi kuti magazi akachuluka motere athamangire kuchipatala. Chonsecho bungwe la WHO linanena mu 2022 kuti mimba isanakwane masabata 12, mayi wodziwitsidwa bwino angathe kumwa mankhwalawa ali kunyumba. Anamwino athu kuno ku Malawi amadziwa zomwe zimachitika thandizo lotere likasowa, poti amalandira atsikana odzivulaza ndi timitengo ta chinangwa. Ine ndili kumbali ya Justyna. Mu Febuluwale 2025 khoti la apilo linathetsa chigamulo chija, koma linalamula kuti mlanduwo uzengedwenso.