Helikopita Ilibe Poima M'mwamba

Abale, mu 2023 namondwe Freddy atakokolola milatho ku Mulanje ndi ku Nsanje, midzi ina inkafikika pa helikopita kapena pa bwato basi. Tsono amene afuna kuti boma ligule helikopita yonyamula odwala sakulakwa ayi.

Koma ife tikuti: ambulansi ikafa pa msewu, dalaivala amaima pambali natsegula boneti. M'mwamba mulibe pambali. Zitsulo zina za helikopita amaziwerengera maola ouluka, ndipo maolawo akakwana amazichotsa ngakhale zikuoneka zatsopano. Nchifukwa chake tisanaombe m'manja tiyambe tafunsa kuti amakaniko ophunzira alipo angati, ndi kuti ndalama za zitsulozo azilemba pati. Pajatu ambulansi zogona pa miyala kuseri kwa zipatala tonsefe tinazionapo.